Bokosi la Ba Vitalis

Atangoika maliro a mwamuna wake ku Bundabunda, Justina anapeza abale akugawana katundu. Wina anatenga wailesi, wina jekete lomwe Ba Vitalis ankavala pokaphunzitsa ku yunivesite.

Mlamu wake Jethro anadutsa atanyamula bokosi lachitsulo ndi dzanja limodzi. Kale bokosilo linkafuna anthu awiri kulinyamula, chifukwa munali ndakatulo zonse zomwe malemuwo sanasindikize.

"Ba mulamu, nanga mapepala?"

"Aja ofufutafufuta na bopeni yofiira? Nkhuni zinali zonyowa, mulamu. Anthu a pamaliro akanamwa bwanji tiyi?"

Justina anatembenukira kumafuwa. Mayi wina wa kutchalitchi anamugwadira, namuika kapu m'manja.

"Imwani, amai. Ikali yotentha."