Mzere wa Kumbuyo kwa Nungu

Padangokhala, chaka china cha chilala, nyama za kudambo zinatsala ndi chitsime chimodzi. Zinagwirizana zosankha wochiyang'anira, ndipo mwambo wake unali woti aliyense aime kumbuyo kwa amene akumufuna.

Nungu anati, "Ndidzachitchinga ndi minga. Obwera a kutsidya asadzamwenso pano!"

Njiri anangoti, "Tiyeni tichikumbe, chizame."

Gwape, amene mwana wake anali atafa ndi ludzu, anakaima kumbuyo kwa Nungu. Mzerewo unali wautali, koma onse ankaima chapatali poopa minga ya mtsogoleri wawo yemwe.

Atacheuka, Gwape anaona Fulu wa kutsidya ali yekha pakati pa mizere iwiriyo. Fuluyo ndi amene anakumba manda a mwana uja, osapempha ngakhale dontho la madzi.

"Bambo, bwanji simukuima pamzere?" anafunsa Gwape.

"Mayi, ndikudikira mundiuze ngati ndili wa kuno."

Onse anayang'ana Nungu, iye n'kuseka. "Mukundiyang'aniranji? Ine ndangonena mokweza zimene mumanong'onezana m'mauna mwanu!"

Gwape anadziwa kuti Nungu sananame. Anachoka mwakachetechete, nakaima kumbuyo kwa Njiri, n'kumusiyira Fulu malo patsogolo pake. Mbawala anatsatira, kenako Nkhanga ndi banja lake lonse. Njiri anapambana, ngakhale kuti kusiyana kunali kochepa.

M'mawa mwake Nungu anabwera kuchitsime atazolika, minga itagona. Gwape anasendera pang'ono kuti nayenso amwe.

Nthano yanga yaphwera pamenepa, koma chitsime chija sichinaphwe.