Matayala a Ulendo wa ku Mchinji

Lachisanu masana, mbale zisanachotsedwe patebulo, anali atatu m'kanyumba ka pamwamba ku Bin Mahmoud, kudziko la Aluya: Gray, mkazi wake Olipa amene ndi namwino, ndi achimwene ake a Olipa, a Yamikani, omwe anabwera osayitanidwa. Anali atamva mphekesera yoti m'nyumbamo mukukonzedwa ulendo wa pa njinga, kuchokera ku Dar es Salaam mpaka kumudzi ku Mchinji, tchuthi chikayamba.

"Alamu, misala imeneyi mwaitola kuti?" anafunsa a Yamikani. "Ndege ilipo, inu mukufuna kukafera m'mapiri a eni ake?"

Gray, mwana wokulira m'tauni, anangomwetulira n'kupinda miyendo yake yaitali pansi pa tebulo.

"Ulendo ulipo, achimwene," anatero Olipa. "Chatsala n'kusankha matayala."

"Ndiwaimbira amayi, auletse!"

"Aimbireni. Muwapatsenso moni."

Ataona kuti mwala sukusuntha, a Yamikani anatenga foni ya Gray. Panali zithunzi za njinga ziwiri, ina ya matayala a mainchesi 29, ina ya 26.

"Basi, gulani ya 29, imene anyamata a mumzinda muno amathamangitsa. Munthu wamtali ngati inu pa timatayala timeneti, mawondo azikagunda chibwano."

"Ya 26," anatero Olipa, mawu ake osakwera. "La 29 likakaphulika kuseri kwa Mbeya, lina mukalipeza kuti? La 26 ngakhale wokonza njinga pansi pa mtengo wa mango ali nalo, ndi masipoko omwe."

"Iwe za njinga ukuzidziwira kuti? Zako ndi majakisoni."

"Mtedza wa amayi ankapita nawo ku Chipata ndani, inu muli kusukulu yogonera komweko?"

A Yamikani anaika foni ija patebulo. "Izi ndi za amuna. Mawa kusitolo tipitira limodzi, alamu akasankhe okha. Akatenga ya 26, ine ulendowu sindiuvomereza."

"Suunadikire chilolezo," anayankha Olipa, akusonkhanitsa mbale.

M'mawa mwake, Ibrahim, mwini sitolo ya njinga, anatulutsa zonse ziwiri n'kuziimika pakhomo. A Yamikani anasisita tayala la yaikuluyo, kenaka anaikankhira kwa mlamu wawo.

"Yalla, tiyeni alamu, kwerani tione!"

Gray anabwerera m'mbuyo, manja m'mwamba. "Ine, alamu, njinga sindinaiphunzire chibadwire."

A Yamikani atacheuka anapeza Ibrahim akutsitsa chishalo cha yaing'onoyo. Olipa anakoleka chikwama chake paphewa la mwamuna wake, anaponda pedulo kamodzi, n'kukakhota pakona osayang'ana m'mbuyo.