Simbi pa Nsalu ya Pazenera

Chaka chilichonse, fumbi lachikasu lisanayambe, nyumba iliyonse imalandira nsalu imodzi yosefera mpweya pazenera. Ikawonongeka, mudikire chaka chamawa.

Tiyamike ataweruka kufakitale yopanga ulusi wa nsaluzo, anamva fungo la pulasitiki wopserera asanalowe n'komwe. Anapeza mayi ake, a Nankhoma, atagwira simbi yamakala, nsalu ili pamkeka.

"Amayi, mwaisita?"

"Ndinaiyanika panja. Ndikanaipachika osasita, mphutsi zimlowe mwana wako?"

Tiyamike anagwada. "Nsaluyi siyoluka, amayi. Kaulusi kalikonse kali ndi mtima ndi khungu. Khungulo silichedwa kusungunuka, ndilo limamata ulusiwo. Ife timangotenthetsa pang'ono."

Anaikweza poyera. Inali itauma gwa ngati chikopa, ndipo pakati panali chibowo chofanana ndi simbiyo.

Kuchipinda khanda lake linatsokomola. Panja nkhuku zinkathamangira m'khola masanasana, kumwamba kutayamba kale kuchita chikasu.

A Nankhoma anamasula chitenje chawo n'kuchiviika m'ndowa.

"Chimenecho sichitchinga fumbi lija, amayi."

"Ndikudziwa. Gwira uko."