Chitsime Chopanda Madzi

"Ima pomwepo, iwe wachimakina!" anakuwa mayi wamasiye, ndowa ili m'manja. "Ukufuna undikumbenso ine? Muno mulibe miyala, ndi mafupa okhaokha."

Woyendetsa makinawo anali mwana wake. Anazimitsa injini n'kutsika, maso ali pansi. Chiyambireni kampani yake kukumba miyala m'dambo la mtsinje, madzi a m'chitsime cha kuseri kwa nyumba yawo anasamukira ku maenje akuyawo osatsanzika n'komwe. Chitsimecho anakumba ndi malemu bambo ake, ndi khasu lokha.

"Amayi, kunabwera oyang'anira za madzi. Akuti tikwirire maenje onse kuti madzi atetezeke."

"Zabwinotu! Ndiye maenje akowo ali uko. Kuno ukusaka chiyani, mkazi?"

"Awerengera ndi ili lomwe."

"Ili liti? Ichi n'chitsime, mwana iwe."

"Akapitawo awo anaponyamo mwala, sunamveke chubwi. Akuti chopanda madzi ndi dzenje basi, mungagwere ana."

Mayiyo anasuzumiramo. Pansi panali buluzi yekha, atadzitambasula ngati mwini wake. Mayiyo anaweramuka. Anamasula chingwe pa ndowa n'kuchikulunga mwaulemu, kenako analowa m'nyumba n'kutulukamo ndi fosholo.

"Chimakina chakocho ayi. Tenga iyi," anatero akumupatsa mwana wake. "Pa maliro a bambo ako unafika titakwirira kale, ati ntchito inakupanikiza. Lero yamba ndiwe kuthira dothi."