Mendulo ya Malinyero Inamuchotsetsa Ntchito

Panali munthu wina wakwathu ku Woolwich, mumzinda wa London, dzina lake Paterson, amene ankagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba. Mtima wake wonse unali pa mamendulo okumbukira amalinyero amene anamira pankhondo. Likangokwana Loweruka, ulendo ku Greenwich kumsika wa zinthu zakale, mpaka kabati ya mbale inadzaza zitsulo.

Kuntchitoko kunali mayi wina wachizungu wodwala matenda oiwalaiwala. Bambo ake anamira ndi sitima iye ali khanda, ndipo mendulo yowakumbukira inkakhala pambali pa bedi. Tsiku lina mayiyo ataona Paterson akuidyerera maso, anati, "Tenga, mwanangu. Uzikaisunga ndiwe."

Iye osaganiza kawiri, mendulo m'thumba.

Mkazi wake Wezzie, yemwe ndi nesi, ataiona anagwira m'chiuno.

"Koma bambo inu muli bwinobwino? Munthu woti amaiwala kuti wadya, akakumbukira kuti anakupatsani? Lamulo la kuntchito loletsa kulandira mphatso mukulidziwa. Mawa mukaibweze, mukawauzenso amanijala."

"Za mamendulo mukudziwapo chiyani inu? Yotereyi kumsika simungaipeze."

"Nanga viza yathuyi kumsika mungaipeze?"

Paterson anangoseka n'kuyamba kuipukuta. Sizinathere pomwepo. Anaijambula n'kuiika pagulu la osonkhanitsa mamendulo pa intaneti, dzina la malemuyo likuoneka bwinobwino.

Mwana wa mayi uja atabwera kudzazonda, anapeza pambali pa bedi palibe kanthu. Atafufuza dzina la agogo ake pa intaneti, chinatuluka chithunzi, pansi pake dzina la Paterson.

Manijala anamuitanitsa Paterson ku ofesi.

"Anachita kundipatsa okha," iye anatero. "Kawafunseni."

Anapitadi. Mayiwo anamuyang'ana Paterson nthawi yaitali, kenako anafunsa manijala kuti, "Bambo awa ndi ndani?"

Ntchito inathera pomwepo. Poti viza yake inali ya ntchito yomweyo, pano akuzungulira London yonse kusaka wina womulemba, apo ayi abwerere kumudzi. Akangotsegula pakamwa kuti adandaule, Wezzie amanyamula chikwama n'kupita kushifiti.

Mendulo ija inabwerera pambali pa bedi. Posakhalitsa mayiwo anaipatsanso Marjorie, mnzake wa Paterson wa kuntchito, ndi mawu omwe aja. Marjorie anathokoza, n'kupita nayo ku ofesi nthawi yomweyo. Iye ntchito akugwirabe.

Phunziro: Wodwala akakupatsani chinthu, kaya mwachikonda bwanji, kauzeni akuluakulu musanachiike m'thumba. Ndipo wakunyumba akakuchenjezani, muzimvako. Tumizirani abale onse osamalira okalamba kuno, tatopa nazo nkhani zoterezi.