Muyeso wa a Basil

"Makina awa salakwa. Ku Joni amakonzera mafilimu enieni," a Willard ankauza wogulitsa usipa pakhonde, mokweza dala kuti alamu awo m'kashopu ka mavidiyomo amve.

A Basil anamva. Anangokhosomola pang'ono n'kukankhira magalasi pamphuno. Zaka zonsezi akujambula maukwati ndi zinkhoswe, kuyambira ku Monkey Bay kuno mpaka ku Lungwena, anali asanaonepo makina osalakwa. Alamu ochokera ku Joni ndiye anawaonapo ambiri, ndipo amenewo amalakwitsa ndi moni yemwe.

Pangano lawo linali lomveka. A Willard, mchimwene wa akazi awo, ndiwo anabweretsa kamera ndi makina okonzera vidiyo, ndiwonso anajambula kwaya ya amayi a kutchalitchi. Kukonza kunali kwa a Basil. Amayiwo akaikonda vidiyoyo, mpando wa pamakina ukhalabe wa a Basil. Akapanda kuikonda, a Basil azinyamula mawaya ndi kuthamangitsa mbuzi anzawo akamajambula.

Atangotsegula, vuto analiona. Pamzere wakutsogolo, pafupi ndi ng'oma, panaima akazi awo, Esitere, ataonda ngati nkhafi. Khosi lalitali, masaya olowa, mikono ngati bango.

A Basil anamwetulira. Matendawa ankawadziwa bwino: chithunzi chotambalala ukachiika m'chikombole chopapatiza, anthu amafinyika. Pakona panalembedwadi 16:9, koma zolemba pakona aliyense atha kulemba. Mmisiri amafuna muyeso, ndipo iwo muyeso anali nawo kunyumba. Esitere wawo ndi mayi wathupi, wodzaza mpando, woti akamakwera minibasi kondakitala amayamba wausa moyo. Makina obwera dzulo angawauze chiyani za mkazi amene anabereka naye ana?

Anayesa 4:3. M'mbali munabwera mipiringidzo yakuda, Esitere n'kutheratu. Anayesa yodzaza sikirini yonse. Mitu ya amzere wakumbuyo inaduka, mkazi wa abusa n'kutsala chibwano chokha. Anabwerera msanga, poti wodula mutu wa munthu ameneyo ntchito za kutchalitchi amaziona komaliza. Kenako anapeza pokokera chithunzi pamanja. Anakoka cham'mbali pang'onopang'ono, lilime lili panja. Masaya anayamba kubwerera. Mapewa anatambasuka. Anakokabe mpaka mayi wa pasikirini anakhala Esitere weniweni, ndipo anatsamira mpando ngati dokotala amene wadzutsa wodwala.

Zinthu zina zinasokonekera, inde. Ng'oma inaoneka ngati dzira, koma osema ng'oma a masiku ano ndi a changu. Matayala a njinga yotsamira khoma anaphwatalala, koma ndi misewu yathuyi njinga yozungulira bwino ungaipeze kuti? Bwato limene linkadutsa kumbuyo linatalika ngati sitima ya Ilala. Limenelo analisiya, linkakongoletsa.

Masana amayi anafika onse, anadzaza kashopu mpaka pakhomo. A Basil sanatembenuke. Mmisiri wamkulu amalonjera anthu ndi msana. Anadina batani n'kupinda manja.

Nyimbo inayamba. Posakhalitsa wina anaphulika ndi kuseka kumbuyo, kashopu konse n'kugwedezeka.

"Ine ameneyo?" anakuwa mayi Dinala, wapampando wa kwaya. "Ndadya chiyani ine chaka chino? A Basil, mwatidyetsa chambo cha ndani?"

"Asasinthe!" anatero mayi Tikhala akupukuta misozi. "Ndikaonetse apongozi anga, amati ndikuvutika."

A Willard anadzipanikiza pakati pa amayiwo mpaka anafika pamakina. "Alamu, mwakhudza chiyani apa?"

"Ndakonza zimene Joni inaononga," a Basil anayankha modekha, monga munthu wosafuna kuchititsa mnzake manyazi pagulu koma amene wakonzekera kutero kuyambira m'mawa. "Makina anu amafinya anthu. Enawa sindingawalumbirire, koma achemwali anu ndi awa." Anagogoda sikirini ndi chala. "Ndendende. Funsani aliyense."

A Willard sanafunse aliyense. Anadina kamodzi, chithunzi chinabwerera pa 16:9. Ng'oma inazungulira. Njinga inachira. Esitere anasandukanso nkhafi.

"Mwaona?" a Basil anatambasula manja. "Mwawaphanso ndi njala. Ndiye muziti makina salakwa?"

Ulendo uno palibe anaseka. A Basil anangomva amayi akusuntha kupereka njira, ndi mapazi akubwera mpaka pambali pa sikirini. Apa ndiye anatembenuka.

Anali Esitere. Khosi lalitali, masaya olowa, diresi lobweza m'chiuno, wofanana ndi wa m'makinamo ngati anachita kumudinda.

"Chiyambire mvula ija achipatala anandiletsa shuga ndi zamafuta, bambo a Tayamika. Ndinakuuzani mukuyang'ana mavidiyo anuwa, munati 'eya'." Kenako anayang'ana a Willard. "Achimwene, abwezereni mayi wonenepa uja, ndi amene amamudziwa. Ine tidzadziwana nawo akamanyamula mawaya."