Phiri Loyenda la Kakowa

Padangotero, dambo la Kakowa lidauma gwa, mkangano n'kubuka m'banja.

"Tisamukire kuphiri," adatero Kakowa. "Tizidzuka n'kumaona dziko lonse!"

"Kuphiri kumazizira, bambo a ana," adayankha mkazi wake. "Nanga ntchito mukaipeza kuti? Ana azidya mitambo?"

Kakowa adauluka atakwiya n'kukatera pamsana pa Ng'ombe. Mapazi ake adamva kufunda. Atakweza mutu, adaona chigwa chonse mpaka kumapiri. Atawerama, nkhupakupa zonenepa ndi izi!

"Mnzanga," idatero Ng'ombe, "ukandichotsa zimenezo, ntchito wayamba lero."

Kakowa adakuwa ndi chimwemwe: "Mayi a ana, bwerani! Phiri ndalipeza, ndipo limayenda lokha kukafuna madzi!"

Mpaka lero banjali silidasamukenso. Nthano yanga yathera pomwepo.